Dothi la M'nkhalango pa Khonde la Amayi

Titatsala pang'ono kutsekera tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, m'chaka changa chachiwiri pa koleji ya zaulimi, aphunzitsi athu anatituma kuti aliyense akatenge kwawo dothi la malo anayi osiyana. Cholinga chinali kudzayeza kaboni, amene amatsala m'nthaka masamba, mizu ndi udzu zikaola. Anatichenjeza kuti wobwera ndi dothi loperewera sadzakhoza phunzirolo.

Ndinayamba ndi munda wa fodya wa bambo kufupi ndi Malomo, ndinapita m'munda wa chimanga, kenaka kudambo. Dothi lachinayi ndinalitsata kutali, m'nkhalango ya paphiri la Ntchisi, pa njinga yobwereka. M'menemo munali nkhungu ngakhale dzuwa linali pamutu. Mapazi ankamira m'masamba popanda phokoso, ndipo nditakumba, dothi linatuluka lakuda bii, lozizira, lonunkhira mvula imene inagwa ine ndisanabadwe. Ndinakhala pansi nthawi yaitali ndili nalo m'manja, ndikuganizira mitengo yosawerengeka imene inagwa pamenepo, nigona, nisanduka chimene ndinafumbatacho.

Kunyumba ndinayanika dothi lonselo pa zidutswa za chiguduli pakhonde, lililonse ndi kapepala kake. M'mawa mwake ndinakabweza njinga kwa mwini wake, amene ankanyamuka nayo kupita ku Dowa. Pobwerera ndinapeza khonde likung'anima, lakuda, lozira bwino, amayi akumalizitsa m'mphepete ndi mwala wawo wosalala.

"Amayi, dothi lakuda lija lili kuti?"

"Si ili ukulipondali? Futuka, usandiwonongere! Wayamba nzeru mwanawe, kunditengera dothi lozirira labwino chonchi. Lofiiralo ndakusiyira, ndilibe nalo ntchito."

"Linali la kusukulu, amayi. Likayesedwa."

"Dothi nalonso limalemba mayeso?"

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Ndinafuna kupala pang'ono pakhondepo ndi mpeni, iwo anandiuza kuti analisakaniza kale ndi la pachulu. Kunatsala masiku awiri kuti ndikwere basi.

Kutangocha amayi anamanga chitenje m'chiuno, natenga khasu laling'ono ndi mbatata zootcha. "Tiye. Msewu ndi wa anthu a njinga, ife tili ndi njira zathu." Tinadutsa m'mapesi ouma, m'zigwa, m'mapiri a misuku amene sindinkawadziwa. Mapiri ankaoneka ngati akuyandama pa utsi wa lupsa, ndipo ine ndinkangotsata msana wa amayi ngati munthu woyenda m'maloto. Panjira anandiuza kuti ali mtsikana ankabwera kuno ndi anzawo kudzakumba dothi lozirira, mitengo isanathe m'munsimu.

Titafika m'mphepete mwa nkhalango ndinafuna kukumba pomwepo. Amayi anatapa pang'ono, nalifikisa pakati pa zala, nalinunkhiza.

"Apa ayi. Panali munda kale, dothi lake latuwa. Akakuseka aphunzitsi ako."

Anakananso malo achiwiri, ati pankapita moto. Tinalowa m'kati, kumene kuwala kunkagwa m'madontho, mpaka anaima pansi pa mtengo waukulu wokutidwa ndi ndere. Anakankha masamba ndi phazi. "Kumba apa, ndipo usathamange." Iwonso anadzaza mpango wawo, ati khonde la kuseri likudikira.

Ndinakwera basi ndi timatumba tinayi, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, poti masiku amenewo wopanda khadilo sankaloledwa kukwera basi. Ku koleji tinaumitsa dothi, tinaliyeza pa sikelo, tinalitentha m'ng'anjo, ndi kuliyezanso. La m'nkhalango ndilo linapepuka koposa, pakuti zambiri za m'kati mwake zinapsa ndi kuuluka. M'lipoti, pa gawo lofotokoza kasankhidwe ka malo, ndinalemba zoona: kuti malo achinayi anasankha ndi amayi anga, pofikisa dothi ndi kulinunkhiza. Aphunzitsi anajambula mzere pansi pa chiganizocho, nalemba m'mbali kuti njirayo si ya m'buku. Phunzirolo ndinakhoza.