Makhodi a Achimwene Atagontha

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, mandolini anaiphunzira ndi makutu basi. Nyimbo akaimva kamodzi pawailesi, ankakhala pakhonde n'kumaisakasaka ndi zala mpaka ataipeza. Atakwatira anatsikira ku Bwanje kukalima mpunga, zaka zimene sikimu ya ulimi wothirira inali itangoyamba, ndipo kwaya ya kutchalitchi kumeneko sinachedwe kuwatenga. Paukwati ankawafuna, pamaliro ankawafuna, ngakhale pamisonkhano ya ndale, poti masiku amenewo zipani zinali zitachuluka ndipo chilichonse chinkafuna oimba.

Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Manjawira. Kukoleji ndinaphunzirako kuwerenga manotsi a nyimbo, aja olembedwa pamizere isanu, koma kuliza chida chilichonse sindinkatha.

Dzinja lina achimwene anadwala malungo aakulu. Anagona kuchipatala osadziwa kanthu, ndipo atatsitsimuka khutu lakumanja linali litafa. Lakumanzere linkamva ngati munthu ali pansi pa madzi. Tinkati zibwerera. Mpunga unacha, anthu anamweta, makutu osatseguka.

Tsiku lina ndinakumana ndi alamu anga, akazi awo, pamsika wa Manjawira akugulitsa mpunga. Anandikokera kuseri kwa golosale.

"Alamu, mubwere mudzawaone achimwene anu," anatero. "Kukwaya amapitabe. Anzawo akalowa vesi lachiwiri, iwo akadali loyamba. Palibe amawauza. Anthu amangoyang'ana pansi."

Loweruka ndinakwera njinga n'kutsetsereka kuchigwa. Achimwene ndinawapeza ataonda, akusoka thumba. Kuti andimve ndinkachita kukhala kumanzere kwawo n'kumakuwa, moti nkhani yathu oyandikana nawo onse anaimva. Ndinawauza kuti nyimbo imalembedwa, kuti munthu angathe kuitsatira ndi maso.

Anaseka. "Nyimbo ya papepala? Iwe mlongo wanga, nyimbo imakhala m'khutu."

"Nanga khutulo likakana, achimwene, tizingokhala?"

Anaika thumba lija pansi. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mandolini.

Ntchito inali yovuta chifukwa aliyense ankadziwa mbali imodzi. Iwo ankadziwa poika zala koma osadziwa dzina la mawu amene akutuluka. Ine ndinkadziwa mayina koma osadziwa poika zala. Mphunzitsi mnzanga woliza kiyibodi anandiuza kuti nsambo zisanu ndi zitatu za mandolini zimayenda ziwiriziwiri, G, D, A ndi E, ndipo ndinayambira pamenepo. Achimwene ankagwira khodi, kutanthauza mawu angapo olira nthawi imodzi, ine n'kumawerenga timizere tachitsulo ta pakhosi pa mandolini, nsambo ndi nsambo, n'kulemba timadontho tosanjikizana pamizere isanu ija.

Makhodi awo anali nawo kale mayina. Imene ine ndinkaitcha G iwo ankati ya pakhomo. C inali ya paulendo, D ya pobwerera. Ndinkalemba mayina onse awiri pamwamba. Notsi yotsika kwambiri ya G sikwana pamizere, imalendewera pansi pa timizere tiwiri towonjezera, ndipo iwo ankaitcha mleme. Kachizindikiro kokweza mawu pang'ono kam'khodi ya D ankati kampanda ka nkhuku. Masiku ena tinkaseka. Masiku ambiri ankakwiya, n'kuponya pensulo m'mpunga umene alamu anayanika.

"Poyamba zala zinkandiuza zokha," anatero tsiku lina. "Lero ndizichita kupempha chilolezo kwa pepala?"

Komabe anaphunzira. Mizere yodula nyimbo m'zigawo ankaiona ngati malire a mapuloti a musikimu, ndipo anazolowera kuwerenga kugunda kwa nyimbo poyang'ana dzanja la woimbitsa kwaya. Kuchuna nsambo kokha ndiye kunawakanika, choncho Lamulungu lililonse woliza gitala wa m'kwayamo ankawachunira mapemphero asanayambe. Alamu anandiuza kuti anthu aleka kuyang'ana pansi.

M'chilimwe kwaya yawo inaitanidwa kuukwati ku Manjawira. Achimwene ananyamuka mochedwa chifukwa cha madzi a kumunda, n'kupalasa njinga chitunda chonse dzuwa lili pamutu, mandolini ili kumsana. Anafika akwati atakhala kale, kwaya itaima. Sipanapezeke mpata woti wina aichune. Anayala pepala pampando, n'kuyang'ana dzanja la woimbitsa, n'kulowa.

Ndinali pakati pa anthu. Zala zawo zinali pamalo pake. Sanatsale, sanatsogole. Koma kutentha kunali kutamasula nsambo, ndipo chimene chinkatuluka pachimkuzamawu chinali phokoso lowawa, ngati chitsulo chikukhuzidwa pamwala. Iwo ankaliza ndi mphamvu zonse, akumwetulira, thukuta lili chuchuchu. Ana anayamba kuseka. Mayi wina pafupi nane anatseka makutu ndi nsalu. Kenako mwini zimbale anapita mwakachetechete n'kuchotsa maikolofoni patsogolo pawo. Achimwene anamuona. Anamaliza nyimboyo, koma kumwetulira kunali kutatha.

Anandipeza kuseri kwa holo.

"Ndalakwitsa pati? Pepala lako ndalitsatira lonse."

"Simunalakwitse, achimwene," ndinakuwa m'khutu lawo. "Nsambo zinamasuka ndi dzuwa."

"Nyimbo yonse?"

"Yonse."

"Ndiye pepalalo silinena zimenezo?"

"Silinena."

Anagwedeza mutu. Chakudya cha paukwatipo sanadye. Anamangirira mandolini kumsana n'kutsika ku Bwanje, ndipo kukwaya sanabwererenso. Abusa anabwera kudzawapempha, woliza gitala analonjeza kuti aziwachunira nthawi zonse, koma iwo anati sangaimenso pagulu n'kumadalira nkhope za anthu kuti adziwe ngati akuimba kapena akusokosa.

Ndinkaganiza kuti zolembazo zathera pomwepo. Patapita miyezi, nditapita kukawaona, ananditulutsira mapepala amene anajambulapo okha mizere ndi rula ya mwana wawo. Zinali nyimbo zatsopano, zopeka iwo, makhodi atasanjika bwinobwino kuposa mmene ine ndinkalembera.

"Izi sindinazimvepo," anatero. "Upite nazo kwa mnzako wa kiyibodi uja. Ukamve iwe, udzandiuze. Usandinamize."

Ndinapita nazo. Mnzangayo anaziliza m'kalasi ana ataweruka. Zambiri zinali zokoma, zoyenda ngati nyimbo zawo zakale. Koma imodzi inali ndi notsi yokwera kwambiri imene sinkasintha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, makhodi ena onse akusintha pansi pake. Pena inkagwirizana nawo, pena inkamenyana nawo mpaka mano kuyayamira. Mnzangayo anaima pakati.

"Apa analakwitsa kulemba," anatero. "Tifufute kapena?"

Ndinati asafufute. Nditabwerera ku Bwanje ndinawauza achimwene zonse, ndi za notsi ija.

"Sindinalakwitse," anatero. "Chichokereni kuchipatala, mawu amenewo amalira m'mutu muno osaleka. Ndikamalima alipo, ndikamapemphera alipo. Notsi yake ndinaisaka pansambo mpaka ndinaipeza pafupi pake. Ndimafuna wina amveko."

Alamu anali akupeta mpunga pafupi, ndipo lichero linaima. Nawonso sankadziwa. Zaka zonsezo tinkaganiza kuti m'mutu mwawo muli zii.

Achimwene anandipempha kuti ndichune mandolini mmene ndingathere, ndikung'ung'udza mawu amene ndinaloweza pakiyibodi. Kenako anaikanikiza pachifuwa kuti azimva kunjenjemera kwake, n'kuyamba kuliza nyimbo ija, maso ali pankhope yanga. Sindinadziwe choti ndichite ndi nkhopeyo. Notsi ija inalira, inalira, osapuma, ndipo ine amene ndinaimva kanthawi kochepa chabe ndinkalakalaka itasiya. Alamu anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba.

Atamaliza, achimwene sanandifunse ngati ndaikonda. Anatsamiritsa mandolini kukhoma, n'kufunsa ngati mvula yayamba kumtunda kwathu, ndiponso ngati mayi athu apeza wowathandiza kubzala mbatata.