Injini ya Chigayo Sikwera Sikelo

Ndinaganiza zochoka ku Chikomeni tsiku limene mlongo wanga Yotamu anandiuza kuti munda wa kuseri kwa tchalitchi si wanga. Ukwati wanga unali utatha, ndabwerera kwathu ndi chikwama chimodzi, iye n'kumati, "Mwana wamkazi kwawo n'kumene anamulowola." Ndinati chabwino, khalani nayo mindayo, muidye. M'mawa mwake ndinakakwera basi ku Lundazi, ulendo wa ku Livingstone kumene kunali mnzanga wa kusukulu.

Ntchito ndinaipeza kumalo osungirako masitima akale. Musaseke. Ine wa ku Lundazi, kumene njanji timangoimva m'nkhani, ndinayamba kusesa pansi pa mitu ya sitima. Tsiku loyamba ndinangoima kukamwa yasa! Zimphona zakuda bii, magudumu ofika pachifuwa, ng'anjo yoti munthu n'kulowamo. A Mubita, bambo wachikulire amene ankazisamalira, anandionetsa ina imene inkakoka mitengo ya matabwa kuchokera kunkhalango. "Iyi inakhetsa thukuta kuposa tonsefe," anatero akuisisita ngati ng'ombe yawo. Ndiwo anandiphunzitsa kupala dzimbiri, kupaka girizi ndi penti.

Malipiro anali ochepa, ndisaname. Ndikalipira lendi n'kutumiza ya feteleza kwa amama, ndinkatsala ndi ya tinsomba ta kapenta basi. Chilozi chimene amalankhula kumeneko sindinkachimva, ndipo Lamlungu ndinkalira ndekha m'kachipinda kanga. Pafoni Yotamu ankandiseka: "Anzako ali m'mahotela, iwe ukusambitsa zitsulo zakufa!" Zinkandiwawa, komabe sindinkagonja. "Zakufazo ndi zimene zikubiriwitsa chimanga chanu," ndinkamuyankha choncho n'kudula foni.

Masitimawo ndinawakonda, ndipo sindichita nazo manyazi. Sayenda, inde. Koma palibe amene ankawathamangitsa pamalopo chifukwa choti ntchito yawo inatha. Anthu ankabwera ndi ana awo, kuwakweza, kujambulitsa, kufunsa kuti iyi inachokera kuti. Ine amene ndinabwezedwa ku ukwati ngati khasu lothyoka, zimenezi zinkandikhazika mtima pansi.

Adada atamwalira ndinapita kumaliro n'kubwerera kuntchito. Chaka chatha anthu atakolola, amama anayamba kudwaladwala, ndiye ndinalongedza zonse kubwerera kumudzi. Ndikutsika panjinga yamoto, ndinaona lole pabwalo pathu, sikelo yaikulu ili pansi, anyamata akukoka injini ya chigayo chathu ndi zingwe. Chigayo chimenechi chinagayira mudzi wonse kuyambira ndili mwana, ndipo ndi chimene chinatilipirira sukulu. Chinaima pamene kunabwera zigayo zatsopano. Yotamu anali atachigulitsa kwa ogula zitsulo zakale, pa kilo.

Ngakhale moni sindinapereke. Ndinaponya chikwama, n'kukakhala pa injinipo.

"Choka apo iwe," anatero Yotamu. "Katundu wa adada ndi wa ana aamuna."

"Mundikweze nayo limodzi pasikelopo. Ndione kuti ine ndi makilo angati."

"Mayi, ife tili ndi ulendo," anadandaula mwini lole.

"Ulendo wabwino, bambo. Msewu ndi uwo."

Anthu anayamba kusonkhana. Ena ankaseka, ena ankati tauni yandizunguza mutu. Koma ine ndinalumbira kuti sindichokapo pokhapokha andinyamule.

Kenako amama anatuluka m'nyumba, akutsimphina ndi ndodo yawo. Amama amenewa sindinawamvepo akutsutsa mwamuna pagulu, ngakhale kamodzi.

"Yotamu, injini iyi anagula ndani?"

"Adada."

"Adada ako anangoikweza pangolo. Ndalama zake zinali za mtedza wanga. Ndinalima ndekha, kusenda ndekha mpaka zala kutupa, mimba yako ili apa. Iwe, uza anthu akowa amasule zingwe."

Ndinayang'ana azimayi achikulire amene anaima chapatali, ndipo palibe mmodzi amene anadabwa. Ankangogwedeza mitu. Onse ankadziwa! Zaka zonsezi mudzi unkati chigayo cha adada, ifenso ana tinkatero, azimayiwo ali chete ndi mitolo yawo pamutu.

Lole inapita yopanda kanthu. Yotamu sanandilankhule mpaka mvula yoyamba, ndipo sindinamunyengerere. Injiniyo ndinaimangira kadenga ka malata, ndinaipala dzimbiri, ndinaipaka penti yobiriwira. Siilira, mwina sidzaliranso. Nanga ndi mlandu?

Tsiku lina ndikupaka girizi, amama anakoka mpando n'kukhala pafupi. Ndinawafunsa, ndili ndi kaukali ndithu, kuti n'chifukwa chiyani sanatiuze kale zonsezi.

Anayang'ana injiniyo, kenako anati, "Mwana wanga, anandifunsa ndani?"