Mankhwala a ku China ndi dimba la apongozi

Apongozi anga ali ndi ana aakazi awiri, akamwini awiri, koma dimba anali nalo limodzi. Lili kumunsi kwa mudzi wathu ku Lungwena, pamalo poti nthaka siuma ngakhale dzuwa litakwiya chotani. Mawondo awo atayamba kukana khasu, tonse tinadziwa kuti dimbalo alisiyira banja limodzi, ndipo ine ndinali nditaliyeza kale ndi maso.

Sindinkalota chabe. Ntchito yanga ndi yogula usipa kugombe n'kukaugulitsa ku boma ku Mangochi, ndipo pa zonenerera mtengo ndilibe mnzanga. Apongozi akafuna chitenje, ndowa kaya malata, ankatuma ine, uthenga ukudzera mwa mkazi wanga poti mkamwini sacheza ndi apongozi maso ndi maso. Mkamwini mnzanga, amene anakwatira mng'ono wa mkazi wanga, ndi khukhi pa hotela ina ku Makokola. Kumudzi amabwera mwa apo ndi apo, malaya oyera mbee, akununkhira sopo. Ameneyo akamuuza mtengo amangopisa m'thumba ngati wagwidwa ndi mlandu. Sindinkamuwerengera n'komwe.

Ndiye chaka china, mvula ili pakati, malungo anawagwetsa apongozi. Kunjenjemera, kusanza, kutchula anthu oti anamwalira kalekale. Ndinamanga chiguduli pakaliyala ya njinga, mkazi wanga n'kuwakweza. Msewu unali phala. Njira yonse mayiwo anagwirira chishalo ndi zala, kukana kundigwira m'chiuno, moti ndinkapalasa ngati ndanyamula mazira, uku ndikupempha Mulungu kuti ngati tigwe, tigwere mbali zosiyana. Kuchipatala anawabaya chala, n'kutipatsa mapiritsi a malungo a LA, n'kunena kuti azimwa m'mawa ndi madzulo atadya kanthu, osalekeza panjira. Mankhwalawo anali aulere. Ndikanadziwa, ndikananama kuti ndagula.

Mapiritsi atatsala pang'ono kutha, thupi litayamba kale kuzizira, ndi pamene khukhi anatulukira. Anatsika pamatola atanyamula kaphukusi kofiira ka zilembo zagolide, zooneka ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Anati mlendo wina wa ku China amene anamuphikira chambo ndiye anamupatsa, ndipo kwawoko makolo awo ankamwa zimenezo akagwidwa ndi malungo. Atamasula tinaona masamba ouma, timizu todula mopyapyala ndi makungwa. Ndinayandikira n'kununkhiza.

"Achimwene, izi si zinyalala zimene timasesa pansi pa mtengo wa mango?"

"Inu mumadziwa usipa, achimwene," anatero akumwetulira. "Izi zakwera ndege."

Anakana kuti akazi aphike. Anapinda yekha manja a malaya, anafuna mphika wadothi osati sefuliya, n'kukhala pamoto akukupiza mpaka madzi anachepa n'kuda. Azimayi a mudzi wonse anaima mozungulira kuonerera mwamuna akuphika. Apongozi anamwa, nkhope inachita makwinya, misozi n'kutuluka. "Eee, kuwawa kwake! Awa ndiye mankhwala," anatero. M'mawa mwake anadzuka n'kusesa pabwalo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasowa mtendere. Aliyense wobwera kudzazonda ankaonetsedwa pepala lofiira lija, limene analikhomera pakhoma pafupi ndi kalendala ya ku mzikiti. "Alhamdulillah, akanapanda bambo a ku Makokola, bwenzi pano mukudya mpunga wa pamaliro panga." Za njinga, za matope, za msana wanga, ziii. Ndinadandaulira mkazi wanga kuti ngakhale zikomo sindinamumve.

"Inu abambo, munaona kuti munthu akuthokoza mankhwala? Mukufuna asagwire ntchito?"

"Nanga uja akumuthokozayu anabweretsa chiyani, mandasi?"

"Uja akumuthokoza chifukwa wachokera kutali."

Ine kulakwa kwanga kunali kukhala pafupi.

Nsanje inanditengera mpaka kuchipatala. Ndinafunsa adokotala a kumeneko ngati masamba owiritsa angachotsedi malungo m'magazi. Anandiuza kuti chimene chinawadzutsa mayiwo ndi mapiritsi, kuti zowiritsazo munthu asamazidalire m'malo mwa chipatala, n'kuwonjezera kuti LA yemweyo mphamvu yake inachokera ku chitsamba china chimene anthu a ku China ankagwiritsa ntchito kalekale. Ndinapalasa njinga ngati ndalandira mphotho. Ndinafika n'kulengeza pabwalo kuti mankhwala anganso anali a ku China. Mlamu wanga, mkazi wa khukhi, anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Alamu, nanga zilembo zake zili kuti?" Anthu anaseka mpaka ana kudzuka kumsana.

Apo m'pamene ndinaganiza zogula phukusi langa. Tsiku lina nditamaliza usipa ku boma ndinalowa m'sitolo ina ya Mchaina, yogulitsa matochi, maloko ndi mapulasitiki. Ndinauza mayi wa pakauntala, wa ku China komweko koma Chichewa akuchithyola bwino ndithu, kuti ndikufuna masamba owiritsa akwawo. Analowa kuseri n'kubwera ndi kaphukusi kake, kofiira ngati kaja. Anati si kogulitsa, koma atha kundigawira. Atatchula mtengo, magazi anga anayamba okha ntchito. Ndinaseka, ndinagwira mutu, ndinati pepala lake n'lofwifwa. Ndinanena kuti apongozi anga ndi amasiye. Ndinafika pakhomo ngati ndikupita, n'kubwerera ngati ndaiwala chipewa. Mayiyo anapirira, kenako anausa moyo, n'kulowanso kuseri. "Mtengo wanu uwo, katundu wanu uyu." Anandipatsira m'jumbo. Ndinatuluka chifuwa patsogolo, osasuzumiramo n'komwe. Ine amene ndimavundukula dengu la usipa mpaka pansi, tsiku limenelo ndinakondwera ndi mtengo n'kuiwala katundu.

Ndinadikira Lachisanu lina pamene khukhi anali kumudzi, anthu atabwerako koswali ku mzikiti, kuti aliyense aone. Ndinapereka jumbo kwa mkazi wanga, iye n'kukagwada kwa mayi ake. Phukusi linalidi lofiira, zilembo zinalipo. Ndinafotokoza mokweza, nkhope nditalozetsa kumbali mwaulemu, kuti awa ndi oti azisunga malungo akadzabweranso, ndipo pakamwa panga panapitiriza pokha kunena m'mene ndinamugwetsera mtengo mwini sitolo.

Apongozi anayankha akuyang'ana mwana wawo. "Uwafunse bambowa, moyo wanga anaunenerera mpaka pati?"

Khukhi anatenga phukusi, anang'amba pakona, n'kununkhiza. Anayesetsa kudzigwira, ndimuyamikire pamenepo, koma mapewa ankagwedezeka.

"Achimwene, izi ndimazidziwa. Timathira mu supu ya nkhuku."

"Wallahi? Mukunena zoona?"

"N'zabwino kwambiri. Pangofunika nkhukuyo."

Nkhuku inaphedwa madzulo omwewo, tambala wanga, ndipo anaphika ndi iyeyo. Anthu mpaka lero amaikumbukira supu imeneyo, ndipo amatama wophika.

Mvula itatha, apongozi anaitana ana awo awiri m'nyumba. Ine ndinakhala panja ndikukonza sipoko ya njinga imene sinali yothyoka. Mkazi wanga anatuluka osandiyang'ana, ndipo ndinadziwiratu. Dimba lapita kwa mng'ono wake.

"Chifukwa cha masamba aja?"

"Iyayi. Akuti mng'ono wanga amakhala yekha, mwamuna wake ali kutali, ndiponso mwamunayo ndi munthu wofatsa woti amangomudyera pamsika. Koma inu, akuti ndi pakamwa panupo banja lanu silingagone ndi njala."

Ndinafunsa ngati pali mpata wokambirana, mwina kugawana pakati, ife titenge mbali ya kumtunda yomwe sibereka kwenikweni. Mkazi wanga anati ndikayerekeza kukanenerera dimba la mayi ake, ndikagone kugombe ndi asodzi.

Dimbalo lili panjira yachidule yopita kunyanja. Mlamu wanga anadzalamo mpiru ndi anyezi, ndipo zimabereka mochititsa manyazi. Ine masiku ano ndimazungulira njira ya kumsewu, yaitali, yamchenga, n'kumauza anthu kuti kumeneko ndiye kumachedwa kuphulika matayala.