Tsiku Limene a Januario Anadya Mbatata za Mizimu

Aliyense amene anagulako nyama ya mbuzi kuseri kwa msika wa Zingwangwa akuwadziwa a Januario. Anachoka ku Nsanje ali mnyamata, atanyamula mpeni umodzi ndi mkwiyo wokwanira anthu asanu. Mbuzi ankaisenda mwaulemu, koma munthu ayi. Kondakitala wina amene anawakankha pakhomo la minibasi anatsikira pawindo. Mnzawo wa benchi yoyandikana, amene anatenga chikwanje chawo osapempha, mpaka lero amatafunira mbali imodzi.

Wovutika anali mkazi wawo, a Monika. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pabanja, ana anayi, ukwati wosadalitsa. Lamulungu lililonse anzawo akamapita kukalandira Ukalistia, iwo ankatsala pabenchi akuyang'ana zikhadabo. Akalembetsa ukwati, a Januario ankamenya munthu tsikulo lisanafike, dzina n'kufufutidwa. Mu 2009 bambo mfumu anatopa. Anati a Januario akhale miyezi itatu osakweza dzanja, ukwati udalitsidwa, koma akangokhudza munthu, nkhaniyo isadzabwerenso. Akatekisiti, a Yona, anapatsidwa ntchito yowayang'anira.

A Januario anayamba kuyenda manja ali m'thumba ngati munthu wozizidwa, chonsecho kunali kotentha koopsa. Kutatsala masabata awiri, a mphakati wawo wa kutchalitchi, pamodzi ndi kwaya yawo, anakonza ulendo wa ku Mulanje, kukaona mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba.

M'minibasi, a Gertrude, amene kwawo ndi ku Phalombe, anafotokoza mwambo wa phirilo. Anati ukapeza chakudya panjira ndiye kuti yakupatsa ndi mizimu: udye wekha, usaitane mnzako, usalankhule, apo ayi usowa mpaka kalekale. Ena anangoseka. A Januario, munthu wa kuchigwa wosazolowera mapiri, anamvetsera kuposa mmene amamvera ulaliki.

Njira yake ndi yokwera pafupifupi ola limodzi. Anthu ankaima pamwala uliwonse kupuma ndi kujambulana, ndipo a Januario, poopa kuti wina awapsetsa mtima, anatsogola okha. Atayandikira, madzi akumveka kusokosera, anaona mbale pathanthwe, yovundikira ndi tsamba la nthochi. Munali mbatata zophika ndi usipa, pambali pake chigubu cha thobwa. Anayang'ana uku ndi uku. Anachita chizindikiro cha mtanda, kuti mbali zonse ziwiri zisadandaule, n'kukhala pansi. Anamaliza zonse ali chete.

Eni ake anali amuna atatu onyamula matabwa, amene anatsika nawo pamutu kuchokera pamwamba pa phiri chiyambire m'mawa osalawa kanthu. Anali atangopita padziwe kukasamba.

"Achimwene, chakudyacho wakupatsani ndani?" anafunsa wamkulu wawo.

A Januario sanayankhe, pakuti mwambo unati usalankhule. Mwinanso ankaganiza kuti eni phiri aonekera okha. Khofi loyamba linawatsimikizira kuti mizimu ilibe zikhatho zotere. Dzanja lawo lamanja linatuluka m'thumba lili lokunga kale. Pomwepo anaona kumunsi kwa njira chipewa choyera cha a Yona chikukwera pang'onopang'ono. Analibweza dzanjalo.

Zimene zinatsatira, amene anaona safuna kuzinena akudya. Chibakera chinawapeza pakamwa, dzino n'kudumphira m'mbale ya mbatata ija. Wina anawaphwanya ndi thabwa pamsana mpaka anagwada. Anawaponda m'nthiti, kuwakokera kumadzi, kuwamiza mutu, kuwavuula, kuwamizanso. Magazi ankayenderera pathanthwe. Munthu amene akanathana ndi anthu atatu otere asanamalize kutafuna, ankangogubuduzika ngati thumba la chimanga, manja ali m'thumba.

A Monika anafika limodzi ndi a Yona. Anatula dengu pansi, kumangitsa chitenje, n'kugwira bwino ambulera imene ankakwerera phiri.

"Bambo a Lonjezo, manjawo akhale momwemo," anatero mosakweza mawu.

Woyamba anamung'amba khutu ndi chogwirira cha ambulera. Wachiwiri anamubaya pamimba ndi nsonga yake, n'kumugwetsera m'dziwe chagada. Wachitatu anayesa kutola mwala, koma anamenyedwa padzanja mpaka chala chinaloza kumene sichinalozepo, ndipo anathawira m'tchire. Ambulera inatsala mawaya okhaokha. Kwaya yonse ya mphakati inali itaima panjira, palibe anayambitsa nyimbo.

Nkhani itamveka bwino, anthu anachita manyazi. Amuna aja anaitanidwa, anamangidwa mabala ndi mipango ya azimayi, ndipo anapatsidwa mpunga ndi nkhuku zonse za ulendowo. A Gertrude anati iwo ananena za chakudya cha mizimu, sananene za mbale ya pulasitiki. Mathithiwo anthu anangowaona ndi diso limodzi, ngati a Januario, amene diso lawo lina linali litatupa n'kutsekeka.

Lolemba bambo mfumu anaitana a Yona n'kuwafunsa ngati a Januario anakweza dzanja.

"Sanalitulutse n'komwe, bambo. Ndinaona ndi maso angawa."

Apa akatekisiti anaphonya pang'ono, poti linatulukako kamodzi, koma nthawi imeneyo anali asanafike. Za a Monika bambo mfumu sanafunse, ndipo a Yona, amene anaona ntchito ya ambulera ija ali pafupi, sanaone chifukwa choyambitsira nkhani.

Ukwati unadalitsidwa pa tsiku lake. A Januario analowa m'tchalitchi akutsimphina, malonjezo akutuluka ndi kamluzu pa gweru latsopano. Nthawi ya mphete itakwana, anachita kuuzidwa kawiri kuti atulutse dzanja m'thumba. A Monika ananyamuka pabenchi paja, n'kukalandira Ukalistia patsogolo pa aliyense.