Timilu Tiwiri ta Mchenga

Lero lole yatsitsa mchenga womangira pakhomo panga ku Machinjiri. Fungo lake lachinyontho landibweza ku Ndirande, m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo, ndili Sitandade 8.

Masiku amenewo munthu akakuputa unkangomuuza kuti, "Ndidzakutsekera." Ndewu zonse zinkadikira tsiku lotsekera sukulu. Ine ndinalonjeza zimenezi mnyamata wina wa ku Makata, kwawo ku Nsanje, amene anandigwetsa pampira atsikana akuona. Kenako anajomba masabata awiri, ife n'kumati akuthawa. Koma tsiku lotsekera anabwera, m'mutu atameta mpala.

Titafika kumtsinje, anzathu anaunjika timilu tiwiri ta mchenga monga mwa nthawi zonse.

"Awa ndi mawere a amako, awa ndi a amake," anatero wamkulu pagulupo. "Wamwamuna aponde a mnzake."

Sindinachedwe. Ndinamenya theche kamulu ka mnyamata uja, mchenga wozizira n'kundilowa pakati pa zala. Gulu lonse linakuwa, ine n'kukunga zibakera.

Iye sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada, nayamba kuwola mchenga uja ndi manja awiri, akuusisita pang'onopang'ono kuti kamulu kaimenso.

"Aise, dzuka timenyane!" ndinakalipa.

"Dikira pang'ono," anayankha motsitsa mawu. "Amayi tawaika Loweruka lapitali kumudzi. Ndiwakonze kaye."

Ndinkangomva madzi a Nasolo akuyenda m'miyala. Ndinaima pomwepo zibakera zili chikungire, osadziwa poziika.