Tsiku Limene Ndinabatizidwa Velonika

Mwa anthu onse ophunzira a ku Bembeke, ndine ndekha amene ndinafa n'kubwerako. Ndikati ophunzira, ndikutanthauza kuti koleji ndinaiona miyezi isanu; ndikati ndinafa, sindikumbukako kanthu. Zonse ndinazimva kwa agogo a Kalisito, bambo a mayi anga.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la jekete lawo lonyowa ndi nkhungu, utsi wa mapesi, dothi la kudimba la kachewere, ndi kulira kwa tcheni cha njinga imene anandinyamulira kuchipatala ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, chibayo chitandibanikiza. Ndinali wosabatizidwa, poti ukwati wa makolo anga unali usanadalitsidwe kutchalitchi, ndipo nkhaniyo inkawasowetsa tulo agogo kuposa chiwawu m'munda.

Tsiku lachiwiri masana mtima wanga unaima. Namwino, a Nangozo, anandivula malaya n'kuyamba kudinikiza pachifuwa uku akuwerenga, anzawo akundipopera mpweya. Agogo sanafune kusokoneza ntchito. Anangotenga kapu ya madzi omwera mankhwala n'kulowetsa dzanja kunsi kwa chigongono cha namwino. Koma pofika potchula dzina langa, dzinalo linawathawa. Limene linabwera linali la malemu akazi awo.

"Velonika, ine ndikukubatiza..."

"Gogo, mukunyowetsa wodwala, sunthani," anatero a Nangozo, manja osaleka.

Patapita mphindi zingapo mtima unayambanso. Agogo anakhala pasimenti.

Zaka zonse zotsatira agogo ndi a Nangozo ankati akakumana pamsika, mkangano unali woti anandibweza ndani. A Nangozo ankati manja, agogo ankati madzi, kenako n'kuwathirira kachewere m'thumba mwaulere. Tsiku lina a Nangozo anawauza motsitsa mawu kuti ana ambiri amene mtima waima sabwerera, ngakhale manja atagwira ntchito chimodzimodzi. Anati mwana wa pabedi loyandikana ndi langa anamwalira sabata yomwe ine ndinabwerako. Agogo anavula chipewa. Kuyambira pamenepo ankangoti, "Tinathandizana."

Bambo mfumu anagamula kuti ubatizowo ndi wokwanira, sungabwerezedwe. Agogo anamwalira akunditchabe Velonika tikakhala awiri, osaseka n'komwe, ngati kuti akuitana anthu awiri nthawi imodzi.

Choncho imfa yonseyo inandidyera zochepa: nthiti imodzi imene a Nangozo anaithyola, yomwe imandikumbutsabe chisanu chikafika, ndi manyazi otembenuka m'tchalitchi wina akaitana mwana wake Velonika.