Mbuya Amene Anagwada

Ine maliro sindijomba. Ena amati ndi chifundo, ena amati ndi kukonda nkhani za eni, ndipo onsewo sakunama. Ndili m'gulu la azimayi a kutchalitchi kwathu amene amaphika pamaliro, ndipo wogwira mthiko amaona zonse: amene akulira mokweza diso lili pa firiji ya malemu, amene wabwera ndi mwana wa makutu ofanana ndi a malemu. Choncho musadabwe kuti mtsikana uja ndinamugwira ndine, pomwe mabanja atatu athunthu anamudyetsa ndi kumugoneka osamufunsa kanthu.

Koyamba ndinamuona kwathu ku Nangongwe, m'Kafue muno, pamaliro a mkulu wina wokonza njinga. Anali wowonda, wa chitenje chofiira, chikwama chakuda kumsana, ndipo pantchito anali wachangu. Anthu akamadzuka ankapeza mbale watsuka, madzi watunga, pabwalo wasesa. Patapita sabata ndinamupezanso ku Shimabala, pamaliro a mayi wina wolima tomato, chitenje chomwecho. Ndinangoti mwina banja lawo lagwa m'tsoka. Koma nditamuonanso kachitatu ku Estates, panyumba ya bambo wina amene anapuma ntchito ku njanji, ndinati iyayi, imfa siitsata munthu mmodzi chonchi.

Chimene chinkamuthandiza n'chakuti pamaliro mbali ziwiri sizidziwana bwino. A kuchimuna ankayesa kuti ndi wa kuchikazi, a kuchikazi ankayesa kuti ndi wa kuchimuna, ndipo palibe amene amafunsa mtundu wa munthu amene akumutsukira mbale. Dzuwa likakwera pang'ono ankazimiririka, madzulo n'kutulukiranso maso ali psu. Azimayi ankagwedeza mitu kuti mwanayu maliro amukhudza kwambiri.

Ndinamupanikiza m'mawa wina kuseri kwa nyumba, pampopi, kutatsala tsiku limodzi kuti tikaike maliro. Ndinakhala pa ndowa pafupi naye ngati ndikufuna kumuthandiza.

"Iwe mwana, bakufa aba ni bandani bako?"

"Ni bamalume," anayankha osadzutsa mutu.

"Oho. Nanga baja ba njinga ku Nangongwe?"

Mbale inaima m'manja mwake. "Nabo benze bamalume."

"Nanga ba tomato ku Shimabala? Uganize bwino ukalibe kuyanka. Baja benze bakazi."

Anayamba ndi kuseka, kuseka kwa munthu wogwidwa, kenako kusekako kunasanduka kulira. Aka kanali koyamba kumuona akulira zenizeni pamaliro onse atatu.

Anandiuza zonse, madzi akusefukira m'beseni. Anali pa koleji ina ya unamwino, chaka chachiwiri. Nyumba imene ankagonamo ndi anzake inagulitsidwa, mwini watsopano n'kuwapatsa masiku ochepa kuti atuluke chifukwa ankafuna kuikamo sitolo. Anzake anabalalikira kwa achibale. Iye wachibale analibe kuno, kwawo kunali kutali kumpoto, ndipo mayi ake ankadziwa kuti mwana akugona pabedi. Anayesa kubisala m'chipinda cha mnzake ku hositelo, matironi anamutulutsa. Tsiku lomwelo akuyenda ndi chikwama chake anaona tenti pabwalo la nyumba ina, utsi ukufuka, azimayi akulowa. Anavala chitenje n'kulowa nawo. Kuyambira pamenepo ankatchera khutu m'minibasi ndi pamsika kuti kwagwa maliro kuti. Maso ofiira aja sanali a misozi, anali a kugona chokhala pakati pa nyimbo n'kukhala m'kalasi tsiku lonse.

"Ba mayo, chamene chinibaba ni ichi," anatero. "Nikamvela ati kwafa muntu, mutima unkala pansi. Niziba ati napeza pogona masiku yatatu. Nimvela nsoni pamenso ya Mulungu."

Ndinamva chisoni, ndipo ndinakwiya, ngakhale sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani. Mayeso ake anali atatsala sabata ziwiri, mvula inali itayamba kugunda, ndipo maliro awa akatha, tenti ikapasulidwa, analibe kolowera. Kwanga sindikanamutenga. Zipinda zathu ndi ziwiri, ndipo muli ine, mwamuna wanga, ana anayi ndi mlamu wanga amene anabwera kudzaona Khirisimasi zaka zitatu zapitazo.

Koma ndinali nditamva mmene anandiitanira, ba mayo, ndipo m'mutu mwanga munayamba kuyenda zinthu. Ndinamufunsa ngati ndi Mbemba, iye n'kuvomera. Ofedwawo anali a kum'mawa ngati ine. Pakati pa ife ndi Abemba pali chimbuya, chibale choseleulana chimene makolo anatisiyira. Pamaliro athu Mbemba ndi mbuya: amagwira ntchito, amatinyoza, amatithira ufa kumutu, akhoza kunyamula nkhuku pabwalo n'kupita nayo, ndipo wokwiya ndiye walakwa. Mkazi wa malemuyo, mayi wamasiye, anali ndi nyumba ya zipinda zinayi, ana onse ali ku Lusaka ndi ku migodi. Ndinkadziwa kuti kupempha sikungathandize, chifukwa mayiyo ankadziwika kuti ndi wovuta. Anathamangitsapo munthu wa lendi chifukwa choimba posamba. Koma mbuya sapempha, amangotenga.

"Kuyambila manje bamalume bako basila," ndinamuuza. "Ndiwe mbuya. Tikabwela ku manda, banja ikankala pansi kukambilana, uzangena na mbale ya unga. Uzatila pamutu pa mwana mukulu, uja wa suti, elo uzakamba ati, ine natenga rumu ya kumbuyo. Osaseka, osapempa. Ukamvela nakosomola, ngena."

Anandiyang'ana ngati ndamutuma kukaba. Ndinamuyesetsa kawiri kuseri kwa chimbudzi, ine ndikukhala mwana wa sutiyo, ndipo kachiwiriko ananditsira ufa bwino ndithu. Ndinadzitama mumtima kuti nzeru ngati zanga m'Kafue muno n'zosowa.

Tsiku lotsatira masana, titabwera koika maliro, banja linasonkhana pabalaza. Mipando inali idakali panja, anthu atakhala pamphasa, a kuchimuna uku, a kuchikazi uko. Mayi wamasiye anali pamatiresi pakona, duku lakuda, mutu pansi, monga anakhalira masiku onsewo. Ife ophika tinadzazana pakhomo ngati tikutolera makapu. Mwana wamkulu uja anaimirira, anathokoza anthu, kenako ananena chimene sindinachiyembekeze. Anati amayi sangakhale okha m'nyumba yaikulu chonchi ndi matenda awo othamanga magazi, choncho ana agwirizana kuti awatenge ku Lusaka, nyumba aikemo anthu a lendi.

Ndinadziwa pomwepo kuti madzi achita katondo. Chipinda chimene tinkafuna kulanda chinali chitapita kale. Ndinafuna kuthamangira kukhitchini kukamuuza mtsikanayo kuti asalowe. Koma masiku anayi ndinali pa utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo chifuwa chinasankha nthawi yomweyo. Ndinakhosomola kwenikweni, kosanamizira, mpaka misozi.

Analowa. Anali atanyamula mbale ya ufa. Anadutsa pakati pa anthu atawerama, anafika pamapazi a mwana wa sutiyo, ndipo ndikuona ndi maso angawa, anagwada. Anatsina kaufa ndi zala ziwiri ngati akuthira mchere m'ndiwo, n'kukaika pansapato yake.

"Pepani bakulu," anatero ndi mawu a udzudzu. "Ine ndine mbuya. Nenze kupempako rumu ya kumbuyo, ngati ni kotheka."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kumbuyo kwanga kunali azimayi awiri Achibemba, ambuya enieni, amene anali atatithira ufa tonse kumanda. Mmodzi anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Uyu ni mbuya wa shani, wogwada? Anamupunzisa ni ndani?"

Mwana wa suti sanaseke. Anayang'ana a kuchikazi n'kufunsa kuti mtsikanayu ndi mwana wa ndani. A kuchikazi anati iwo ankayesa kuti ndi wa kuchimuna. A kuchimuna anati sanamuonepo. Mtsikanayo anangokhala chogwada, ufa uli m'manja, akuyang'ana pansi. Akanatha kunditchula, koma sanatero.

Walira mvula walira matope. Ndinalowa, ndinakhala pansi pafupi naye n'kufotokoza zonse: koleji, nyumba yogulitsidwa, mayeso, maliro atatu, ndiponso kuti za ufazo mphunzitsi wake ndine. Mawu anga amene amamveka kuchokera pamsika mpaka pasiteshoni tsiku limenelo anali aang'ono. Mwana wa sutiyo anakwiya, ndipo sindimuimba mlandu. Anati kwa masiku anayi munthu wosadziwika wakhala akugona pafupi ndi amayi ake, m'nyumba yodzaza katundu, ndipo iwo akanadziwa bwanji kuti si kawalala wodzaba.

"Kawalala?"

Mawuwo anachokera pakona. Mayi wamasiye anali atadzutsa mutu. Chiyambire maliro palibe amene anamva mawu ake kupatula polira, ndipo ngakhale ambuya aja anasiya kuseka.

"Masiku yonse aya, wamene enze kunigwila kwanja kunipeleka panja ni ndani? Wamene enze kunikumbusa mapilisi ni ndani? Mukazi wako enze pa foni." Kenako anayang'ana mwana wake m'maso. "Wakamba ati siningankale neka. Wakamba zoona, mwana wanga, uli na nzelu. Manje ona, sinili neka. Muntu wopunzila unesi uyu apa. Ku Lusaka nizayenda kuchita chani?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti m'chipindamo munali wochenjera kuposa ine. Mayiyo sankafuna kuchoka m'nyumba yake n'kukakhala m'kachipinda kwa mpongozi. Anali atakhala chete kusowa pogwira, ndipo ine ndi uchitsiru wanga ndinamubweretsera pogwira m'mbale ya ufa. Mwanayo anayesa kunena kuti nkhani ngati iyi iyenera kukambidwa bwino, koma mayi ake sankamumveranso. Anali atatembenukira kwa mtsikana uja.

"Iwe, mbuya sagwada. Nyamuka. Tapa na manja yabili. Osati pa nsapato, nsapato yakulakwila chani? Mutu uja."

Mtsikanayo anaimirira, anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kudenga. Anatapa ufa ndi manja awiri, anatseka maso, n'kuukhuthula. Mwana wa ku Lusaka anayera kuyambira kumutu mpaka pa tayi. Ambuya enieni aja anaimba nthungululu, mmodzi n'kulowa kudzawonjezera wake, ndipo anthu amene analira masiku onsewo anaseka mpaka kupukuta m'maso. Mwana wa sutiyo anaima pakati ngati chikwangwani, akuphethira. Kukwiya sakanatha, chifukwa wothiridwa ufa ndi mbuya akakwiya amasekedwa mpaka kumanda kwake. Pamapeto pake naye anaseka, n'kunena kuti ayesa miyezi itatu aone. Mayi ake anati ayese zaka zitatu, chifukwa mtsikanayu sukulu sanamalize.

Madzulo omwewo mtsikanayo anakatenga thumba lake la zovala limene ankasungitsa kwa mayi wina wogulitsa makala, ndipo ine ndinabwerera ku Nangongwe ndikuyenda ngati ndapambana chisankho. Panjira ndinali nditayamba kale kuikonza nkhaniyo kuti pomafotokozera anzanga, chifuwa chija chizioneka ngati chinali m'mapulani.

M'mawa mwake ndinavala chitenje chatsopano n'kupita ku Estates kukalandira zikomo wanga. Tenti inali itapasulidwa, pabwalo patangotsala phulusa ndi mapazi a anthu. Mayi wamasiye ndinamupeza atakhala pampando pakhonde, wailesi yozima pambali pake. Azimayi awiri a kutchalitchi kwake amene anabwera kudzamupepesa anali akutuluka pageti monyang'ama. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipereke moni wanga wa masiku onse, iye n'kukweza dzanja.

"Mau pansi," ananong'ona. "Mwana agona."

Ndinafunsa monong'ona kuti mpaka dzuwa lonseli, nanga kukoleji. Anati koleji siithawa. Anati dzulo atamuonetsa chipindacho, mtsikanayo anakhala m'mphepete mwa bedi kuti angoyesa matiresi, ndipo iye atabwera ndi bulangete anamupeza atagwera chammbali, chikwama chidakali kumsana. Chikwamacho anamuvula yekha, nsapato anamuvula yekha, mwanayo osagwedezeka n'komwe. Kawiri konse analowa kukaika dzanja pamphuno pake kuti aone ngati akupuma.

Ndinati ndingosuzumira pang'ono, poti nkhani yonseyi ndinaiyambitsa ndine. Mayiyo anakokera mpando wake pakati pa khomo.

"Mau yanu niyaziba," anatero. "Muzabwele mailo."

Ndinabwerera ndi chitenje changa chatsopano, wopanda zikomo, wopanda ngakhale kapu ya tiyi. Geti la nyumba imeneyo limalira likamatsekedwa, choncho ndinalinyamula pang'ono ndi manja awiri n'kulitseka mwakachetechete.